Mlongo Wawo wa M'nyuzipepala

A mpingo andiuza ndilembe za moyo wa akulu anga amene tinawaika sabata yatha. Mundikhululukire, ine sukulu ndinangoinunkhiza pakhomo.

Akulu anga anayamba kugwada ali kamwana, ine ndikuba shuga. Anakwatiwa, mwamunayo n'kuthawa, mwana mmodzi yekhayo n'kumwalira ali ndi zaka zinayi. Kwa zaka makumi atatu anachapa nsalu za odwala kuchipatala mpaka zala kung'ambika ndi sopo. Kudandaula ayi. Ankangoti, "Mwini wake akuona."

Tsiku lina anatola nyuzipepala pabedi la wodwala. Munali nkhani ya bambo wina wamagalasi, mwana wa anthu olemera, wophunzira mpaka dazi. Ankalemba mlungu uliwonse, koma za Mulungu ankati kulibe. Tsikulo analemba kuti tinsapato ta mwana wake womwalira tikadali pansi pa bedi, ndipo akamasesa, tsache limangolambalala.

Akulu anga atandiwerengera, anawerama n'kutulutsa tinsapato pansi pa bedi lawo.

"Iwe, uyu ndi mlongo wanga."

"Mlongo wanu wa galimoto? Muuzeni atigulire mano."

Sanaseke. Nkhani zake ankazidula n'kuzisunga m'Baibulo, ndipo Lachisanu lililonse ankasala kudya kuti munthuyo asafe asanabwerere kwa Mulungu. Anamulembera makalata asanu ndi awiri. Yankho silinabwere.

Maso awo atafooka, nyuzipepala ndinkagula ndine. M'mawa wina ndinapeza chithunzi cha Wamagalasi chitakula, chitazunguliridwa ndi mzere wakuda. Kuwerenga ndimadodoma, koma mzere wakuda ndimaudziwa. Wogulitsayo anandiwerengera: mwini wake anakaniratu pemphero pamaliro ake. Pepalalo ndinakolezera moto. Kwa akulu anga ndinati, "Mlongo wanu wapuma pantchito, zala zatupa ndi ndalama."

Anasalabe zaka zina zitatu, ine ndikutafuna pambali pawo.

Tsiku lomaliza anandigwira dzanja. "Mng'ono wanga, ine ndatopa. Mlongo wathu uja ndakusiyira iwe. Watsala pang'ono kubwerera, usamutaye."

"Ndamva, akulu."

Anamwetulira, n'kutseka maso ngati wogona masana.

Chitsanzo ndi chimenecho, abale, amene angathe atole. Tinsapato tija tili pansi pa bedi langa tsopano, ndipo tsache langa laphunzira kulambalala. Lachisanu ndimasala ndithu. Mlongoyo kulibe, akulu anga kulibe, yatsala ndi njala yokha. Moyo wanga wonse ndaseketsa anthu ngakhale pamaliro, koma iyi ndasowa poyambira.