Chikho chosatsukidwa cha ku Slovakia

Chikhocho chinali chamtengo, chakuda ndi utsi, ndipo pa chogwirira chake anasemapo mbusa akulimbana ndi chimbalangondo. Chinkakhala pa msomali m'chipinda cha amalume, kwathu kuja kufupi ndi Palabana. Chinkanunkha chambiko chakale. Lamulo lake linali limodzi: sichitsukidwa. Amalume ankati abusa a m'mapiri a ku Slovakia sachikhudzitsa madzi chikho chotere, chifukwa madzi amachotsa kukoma komwe mtengowo wamwa kwa zaka. Ine, mtsikana wa giredi fili, ndinkachinunkhiza mobisa n'kumati ndanunkhiza Ulaya.

Amalume anapita kumeneko ali mnyamata, kukaphunzira za ziweto. Nthawiyo dzikolo linali lophatikana ndi linzake. Pambuyo pake awiriwo anagawana popanda wowombera mfuti, ndipo amalume ankanyada nazo ngati ndi iwo anawagawanitsa. Atabwerako, ntchito sinakhalitse, mkazi sanakhalitse, zinakhalitsa ndi nkhani basi. Bambo atamwalira, anasamukira pakhomo pathu monga mwini mbumba, ati kudzatiyang'anira.

Ndivomere, nkhanizo zinali zokoma. Ankanena za mapiri aatali a Tatra, ovala chisanu choyera ngati ufa, za nkhalango zamdima, za migodi yakale. Ankati anthu akumeneko analamulidwa ndi mitundu ina kwa mibadwo yambiri, koma chilankhulo chawo sanataye. Chisanu chikatha, abusa amakwera ndi nkhosa za mudzi wonse kumapiri, amagona m'tizisakasa tamatabwa, amakama nkhosazo n'kupanga tchizi wamchere wofewa. Amalumenso anakhalako ndi abusawo patchuthi china, ndipo mkulu wawo ndiye anawapatsa chikhocho. “Kuja nkhosa ni chuma,” ankatero. “Ise kuno tigona chabe.”

Ife tinali ndi ng'ombe imodzi yamkaka imene bambo anasiya. Tinalinso ndi khanda, mlongo wanga, wobadwa bambo ali kale m'manda. Amayi sankamuyamwitsa. Ankakama ng'ombeyo m'mawa, n'kuwiritsa mkakawo, n'kumumwetsa ndi kasupuni. Ndinkaona ngati amayi ndi aulesi kapena onyada. Palibe anandiuza kanthu.

Mvula yoyamba itagwa, amalume anaitanitsa achibale n'kunena kuti ng'ombe igulitsidwe, tigule nkhosa. Anajambula ndi kamtengo padothi: apa khola, apa kanyumba ka tchizi, apa galimoto yopita nayo kumahotela a mu Lusaka. Amayi anangoti, “Achimwene, nanga mwana?” Amalume anaseka. Ati mkaka wa nkhosa ndi wamafuta kuposa wa ng'ombe, ana a ku Slovakia amakula nawo n'kufiira masaya. Achibale anagwedeza mitu. Munthu anakwera ndege, angamutsutse ndani? Amayi anayang'ana pansi.

Apa ndiye pamandiwawa mpaka lero. Munthu anaphunzira za ziweto zaka zonse zija, sanadziwe kuti nkhosa zathu zamchira wamafuta si nkhosa zomwe anaziona kuja? Ankadziwa. Ndikunenetsa, ankadziwa. Sankafuna tchizi amalume, ankafuna unyamata wawo, ndipo anaugula ndi ng'ombe ya mlongo wawo.

Nkhosazo zinabwera pa ngolo, zikulira. Tsiku lokama loyamba anthu anadzaza kumpanda kudzaonerera, chifukwa kwathu palibe anamvapo kuti nkhosa imakamidwa. Amalume anakhala pa kampando kumbuyo kwa nkhosa, anaigwira mmene ankachitira kumapiri. Nkhosa inaponda, inakodza, inathawa. Titaikoka n'kuigwira tonse, munatuluka timadontho tosaphimba ngakhale pansi pa chikho. Mnyamata wina anakuwa, “Ba Slovakia, tipaseniko tiyi!” Dzinalo linawamatirira mpaka imfa.

Ndipo mvula inakula. Khola linasanduka matope, ziboda za nkhosa zinayamba kuwola. Fungo lakelo ndimalimvabe ndikadutsa pa khola lililonse dzinja. Zinkayenda ndi mawondo, kenako zinayamba kufa imodziimodzi. Amalume ankati vuto ndi udzu, vuto ndi kutentha, vuto ndi ife osadziwa kuweta. Sananenepo kuti vuto ndi iwo.

Amayi ankayenda m'makomo ndi botolo kupempha mkaka. Tsiku lina ankaupeza, tsiku lina ayi, ndiye khandalo linkamwa phala lamadzimadzi. Timkaka ta nkhosa tikapezeka, amalume ankatisunga m'chikho chawo chija kuti tisase, n'kuumiriza kuti mwana amwe momwemo, ati ndi mankhwala. Amayi akapita kumunda amalume ankamumwetsa okha. Mwanayo anayamba kutsegula m'mimba. Liwombo lake linalowa, maso anakula, kulira kwake kunachepa mpaka kukhala ngati kwa kamwana ka mphaka. Anapita naye kuchipatala pa njinga ya aneba, amayi atamukumbatira pa keliyala. Anabwera naye atamufunditsa kumaso.

Ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi tsopano, ndimakhala ku Silverest, m'manja muli mwana wanga woyamba. Ndimawiritsa chilichonse chimene chimafika pakamwa pake, mpaka amuna anga amandiseka. Akangochita chimbudzi chofewa ndimamugwira paliwombo. Tsiku lina pa wailesi anatchula Slovakia, ati masiku ano amapanga magalimoto ambiri, ndipo ndinaizimitsa ngati yanditukwana. Anthu akumeneko sanandilakwire, ndikudziwa. Nkhosa zawo amazidziwa, mapiri awo amawadziwa. Wolakwa ndi amene ananyamula phiri la eni ake n'kudzalitula pamsana pa mkazi wamasiye.

Tsiku la maliro a mlongo wanga, amayi anasowa pang'ono pagulu la azimayi. Ndinawapeza kuchitsime. Anali atagwada, chikho chija m'manja, akuchikwecha ndi mchenga ndi sopo. Sankalira. Anachikwecha mpaka zala zinatuluka magazi, mpaka mtengowo unayera mbee, chimbalangondo chinafufutika nkhope. Kenako anapita pomwe panakhala amuna n'kuchiika pa mawondo a amalume. “Nachisuka, achimwene.”

Ine ndinachitola n'kuchinunkhiza. Sopo yekhayekha. Ndinalira mokuwa, n'kudzigwetsa pansi, ndipo azimayi anandinyamula akuti, “Onani mmene anamukondera mlongo wake.” Ndinkalirira chikho. Ndinakwiyira amayi dzinja lonselo chifukwa chowononga mapiri anga.

Sindinkadziwa nthenda imene inatenga bambo. Sindinkadziwa kuti kuchipatala anauza amayi kuti bere lawo likhoza kupatsira mwana, ndiponso kuti zimenezi sakanazinena pamaso pa achibale, anthu n'kuyamba kupatula mbale zathu. Ndinkangoona mkazi woyang'ana pansi, nsalu yake itanyowa pachifuwa, n'kumadabwa kuti mkaka ali nawo, bwanji akumumana mwana.