Paketi Imodzi, Lita Imodzi

Tsiku limene madzi a mvula analowa m'nyumba ku Kanyama mpaka kunyowetsa matiresi, ndinauza amayi kuti ndipita ku Solwezi kukafuna ntchito. Mwana wanga Taonga anali atangoyamba kuyenda. Ndinamusiya kumsana kwa agogo ake, ine mabere akuwawa m'basi njira yonse.

Ndinalowa m'khitchini yophikira anthu a mumgodi, mtima uli m'mwamba. Sukulu ndinalekera giredi seveni, ndipo kunyumba ankati ndilibe nzeru zangazanga, ndimangodikira kuuzidwa. Koma ba Chanda, mayi wa ku Kasama amene ankatiyang'anira, anandionetsa pepala la pakhoma: thabwa lofiira la nyama yaiwisi, lobiriwira la masamba, mabeseni atatu, kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Iwo sanadumphepo mzere ngakhale umodzi.

"Muno sitifuna ochenjera," anatero. "Tifuna munthu wamene azachita lelo vamene anachita dzulo."

Ndinkawayang'anitsitsa ngati ndili m'tchalitchi. Mtsikana wina wamakani anadulira nkhuku yophika pa thabwa lofiira kuti afulumire, mawa lake analibe ntchito. Ine wopusa uja ndinakhala.

Lamlungu ndiye linali lowawa. Ndalama ndinkatumiza pa foni, koma Taonga akamva mawu anga ankathawa, amayi anga ndiwo ankawatcha mama. Ndinkalira, kenaka n'kusita epuloni.

Uthenga unabwera ndikusenda anyezi: mwana watsegula m'mimba. Ku Kanyama, nthawi ya mvula, mawu amenewo timawadziwa kumene amathera. M'basi sindinadye, sindinapemphere bwino, ndinkangoona kabokosi koyera.

Ndinapeza azimayi pakhonde, aliyense ndi nzeru yake. Wina akuti onjezani shuga kuti amwe msanga, wina akuti mizu, wina akuti chakumwa cha m'botolo chothira mchere. Amayi anali pansi pa mphasa, Taonga pamiyendo, khadi la ku kiliniki loonetsa kasungunulidwe ka mankhwala a m'paketi atalitsamiritsa ku chigubu. Kuwerenga sadziwa, koma zithunzi zake anaziloweza.

"Ba sista anakamba paketi imozi, lita imozi, manzi owilitsa," anatero osatukula mutu. "Akasanza, niyembekeza, niyambanso. Mawa tibwelela ku kiliniki."

"Imwe ambuya, muli na mutu wouma," anatero mayi wa nyumba yoyandikana.

"Eee. Koma onani, akumwa."

Ankamwadi, sipuni ndi sipuni, maso atayamba kubwerera. Ndinaima pamenepo chikwama chili m'manja. Ndinapita kutali kukasirira ba Chanda, pamene mayi wanga wogulitsa vitumbuwa uyu, amene kapu yake yoyezera ufa sinasinthe chibadwire changa, anali nawo mtima womwewo. Ndipo ine ndinkamuona ngati wotsalira.

Ndinagwada kuti ndinyamule mwana wanga. Amayi anandigwira dzanja.

"Wachoka mu basi iwe. Wasamba?"

Ndinapita pa beseni, ndinasamba mpaka m'zigongono.