Anandiitana ku Mlandu Ndisanametedwe

Sunthirani kuno mumve bwino, chifukwa nkhani iyi ndikaikwezera mawu ndimayamba kutukwana.

Inali nthawi imene amuna ankabwerako ku mtengatenga wa nkhondo ya azungu. Wanga anabwera ali mafupa okhaokha, akutsokomola. Tinkakhala tsidya la kum'mawa kwa Shire, ndipo chotidyetsa chinali dimba limene amayi anandisiyira m'mphepete mwa madzi. Kumtunda mapira akapsa ndi dzuwa, dimbalo linkatipatsa chimanga, mbatata ndi maungu.

Chaka chimenecho madzi anasefukira, matope n'kukwirira malire onse. Ataphwera, tinapeza bambo wina wa mudzi woyandikana nafe atabzala kale m'dimba mwanga, ati mtsinje wamupatsa. Akuluakulu a kwathu anamuuza kuti achoke. Iye anati amangomvera boma. Mwamuna wanga anawoloka ndi chifuwa chakecho kukasuma ku boma la Chikwawa m'malo mwanga, poti dimba linali lakuchikazi. Anamuuza kuti adzatiitana. Asanatiitane, iye anamwalira.

Tsono mverani apa. Kwathu kuno mkazi akafedwa mwamuna sayendayenda kufikira atametedwa. Amakhala pamphasa yakeyake, sathira mchere m'ndiwo, sagwira chiwiya cha mnzake, chifukwa imfa imakhala idakali pathupi pake. Ndipo palibe mwini bwato amene angamukweze. Asodzi amati bwato lokwera namfedwa wosametedwa latha ntchito, nsomba zimalithawa, ng'ona n'kumalitsata. Aliyense wobadwira m'chigwa muno amazidziwa zimenezi asanamere mano.

Manda adakali auwisi, anatulukira mesenjala wa khoti, chisoti chofiira kumutu. Sanali mlendo ayi, anali mwana wa konkuno. Anaima patali, kuseri kwa khola la mbuzi. Madzi amene anamupatsa anawakana.

"Mayi wa dimba uja, mkucha ku boma. Mlandu wanu walowa."

Atsibweni anga, munthu wokalamba wa maso ofooka, ndiwo anamuyankha. "Mwananga, uyu sanametedwe. Kawauze abwana adikire pang'ono."

"Boma sililira maliro, bambo."

"Koma iwe umalira. Mayi ako atafedwa tinawameta ndife."

Anangokonza chisoti chake n'kumapita.

Tsikulo litafika ndinaswa mwambo, ndinapita kudoko. Ondiona anayamba kukankhira mabwato awo pamadzi. Mmodzi, amene ankasodza ndi mwamuna wanga, anabisa nkhafi kumbuyo ngati ndimulanda. "Mlamu, ndikhululukireni," anatero, "ndikakukwezani, ana anga adya chiyani?" Sindinamukwiyire iye. Atsibweni anawoloka okha, koma pakhomo la khoti mesenjala yemweyo anawabweza, ati woitanidwa si iwo. Mkatimo mesenjalayo anauza bwana, mzungu woweruza milandu, kuti mayiyo anauzidwa tsiku ndipo sanabwere. Dimba linapita kwa bambo uja.

Nditametedwa ndinawoloka. Ndinkangofuna kumva kuti zinayenda bwanji. Kuseri kwa ndende ndinakumana ndi mayi wina wa Chisena amene ankasinjira akaidi ufa. Anandiyang'ana kumutu, nandifunsa za kwathu, kenako anaimika musi.

"Ndiwe wa dimba uja? Mwanawe, mzungu sasankha tsiku. Iye amangoti abweretseni. Tsiku amasankha ndi mesenjala. Nanga sudziwa kuti mkazi wake ndi mlongo wa amene anakulandayo?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Mesenjala uja anamva kuti mwamuna wanga wafa, n'kuona kuti mpata ndi umenewu.

Ndinapita kwa mkulu wa amesenjala, amene ankakhala pakhonde la ofesi. "Bambo, ndabwera kudzaneneza mnzanu kwa abwana."

Anaseka mpaka kugwira mnzake paphewa. "Mwamva? Akudzaneneza mesenjala kwa amesenjala. Mwafika pakhomo loyenera, mayi. Khalani apo."

Ndinakhala padzuwa la ku Chikwawa lija, lotentha mutu wopanda tsitsi. Lero ati bwana ali pa ulendo, pamene ndikumumva akutsokomola m'katimo. Mawa lake ati bwana wadwala malungo. Tsiku lina wina anandifunsa ngati ndikufuna mwamuna watsopano, poti ndikukonda khonde lawo. Ndinamuuza kuti ndikafuna mwamuna sindingamufune pakati pa agalu olondera chitseko. Anandithamangitsa ndi chikoti.

Mayi wosinja uja ndiye anandiuza kuti mzungu amapita kumsika wa thonje pamachila. Ndinakamudikira panjira. Onyamula atafika ndinagwada pakatikati, n'kuvula mpango kuti aone mutu wanga. Akanandiponda, koma mzungu anawaimitsa. Womasulira wake, mphunzitsi wakale wa ku mishoni, ananena mawu anga osawachotsera. Ameneyo ndilibe naye mlandu.

Anatiitana tonse. Mzungu anafunsa ine, "Mesenjala anakuuza tsiku?"

"Anandiuza."

"Alipo anakumanga chingwe?"

"Ayi, bwana. Koma mfunseni chifukwa chake anaima kuseri kwa khola. Mfunseni chifukwa chake anakana madzi a pakhomo panga. Akuti boma sililira maliro, nanga iye ankaopa chiyani? Ankadziwa kuti palibe bwato lingandikweze. Mfunseninso kuti amene anapatsidwa dimba langa ndi ndani wake."

Mesenjala anayang'ana zala za kumapazi. Pa za chilamu sakanakana, anavomera. Mzungu anafiira nkhope, namukalipira m'chinenero chawo, nati munthu wa boma sayenda mlandu wa m'bale wake. Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinati basi, dimba labwera.

Ndiye anatembenukira kwa ine. Anati mesenjala alangidwa, koma mlandu wogamulidwa kale sabwereza, chifukwa akatero anthu onse a m'chigwa adzadzaza khonde lake ndi miyambo yawo. Anati ndinauzidwa tsiku ndipo sindinabwere, ndiye kuti zinayenda mwa lamulo.

"Bwana, mwaona nokha kuti anandibera. Ndiye chobedwacho chikhale kwa wakuba?"

Womasulira anazengereza, koma anawanena. Mzungu anali atayamba kale kuitana mlandu wina, wa mbuzi.

Chilango cha mesenjala chinali kumusamutsira ku boma la kumunsi kwa mtsinje, ndi chisoti chake chomwecho. Ndinamva kuti kumeneko anakwezedwa, anafa ali mkulu wa anzake. Mlamu wake anadya za m'dimba mwanga mpaka ukalamba, ndipo adzukulu ake akulimamo lero, akukhulupirira kuti n'la makolo awo. Mzungu anabwerera kwawo pa sitima. Mayi wosinja anamuchotsa ntchito atadziwa kuti ndiye anandiuza. Anakakwatiwa kwa Chapananga, sindinamuonenso. Atsibweni anamwalira chilimwe chotsatira. Ine ndinalera ana anga ndi ganyu wothyola thonje m'minda ya eni, ndipo wamng'ono sanapirire njala ya chaka chimenecho. Mpaka lero ndikamapita kumtsinje ndimazungulira njira ina kuti ndisaone dimba lija.