Mafuta Amathera pa Buleki

Mafuta anamuthera pa maloboti penipeni, dzuwa lili paliwombo. Kumbuyo mahutala ankalira. Makasitomala awiri anatsika, mmodzi n'kumutukwana.

Mayiyu anali wamasiye. Mwamuna wake anamusiyira ana atatu ndi takisi yakalekale. Alamu ake, mkulu wa malemuyo, ndi amene anabwera ndi kachigubu ka mafuta, mawu ali okonzeka kale.

"Ndinanena ine, alamu. Chiwongolero si mthiko. Mwezi uno ukatha zili chonchi, galimotoyi tikugulitsa."

Anthu otere amandinyansa. Pa maliro alamuwa analira kuposa aliyense, maso ali pa makiyi.

Koma nayenso mayiyu tisamubisire. Ankakhulupirira kuti ulendo wautali ndi umene umamwa mafuta, choncho aliyense wopita kutali ankamukana. Iye kwake kunali kuzungulira m'tauni basi: kumsika, kuchipatala, kumsikanso. Maloboti akatsegula ankaponda moto kuti apitirire anzake, asanapite patali n'kuponda buleki. Podikira makasitomala injini osazimitsa, ati mwina siliranso. Madalaivala anzake anamupatsa dzina loti Abuleki.

Mafuta akatha ankaloza chala aliyense. Lero wothira mafuta wamubera, mawa thanki yabooka. Makanika anakwawira pansi pa galimotoyo, osapeza ngakhale kadontho. Mayiyu anafika poika loko pa chitseko cha thanki. Achibale ena n'kumanong'ona kuti malemu akuikaniza galimoto yawo. Zoona, anthu akuluakulu ndi ndevu zawo!

Kenako mwana wake woyamba anasankhidwa kusukulu yogonera komweko, kutali ndithu. Matiresi, sutikesi ndi ndowa sizikanakwera basi. Mayiyu anadzaza thanki, n'kuika zigubu zina m'buti, mtima uli m'mwamba.

Pa msewu waukulu anaika giya yomaliza, phazi lili malo amodzi. Diso limodzi linali pa kamuvi ka mafuta. Kamuviko kankatsika mwaulesi. Anakamusiya mwanayo n'kubwerako, zigubu zija osazikhudza, pomwe mtunda wake unali woti m'tauni amauyenda masiku angapo.

Anathamangira kwa makanika uja.

"Bambo, galimotoyi yachira yokha?"

"Sinadwalepo, mayi. Munakankhapo wilibala yodzaza mchenga? Povuta m'poinyamutsa. Ikayamba kuyenda imangofuna pang'ono. Ndiye m'taunimu mumainyamutsa, kuiimitsa, kuinyamutsanso. Liwiro lomwe mwaligula ndi mafuta mumalitaya pa buleki. Pa mzere injini ikumwa, matayala ali chiimire. Pa giya yaing'ono injini imazungulira kwambiri, mtunda wochepa."

"Nanga bwanji simunandiuze kale?"

"Mukanamva? Munkabwera mutamudziwa kale wakuba."

Zinamuwawa, koma anameza. Safunsa anadya phula, ndipo iye anali atalidya lokwanira.

Anayamba kuphunzitsa phazi lake. Akaona maloboti ofiira patsogolo, ankachotsa phazi pamoto msanga, galimoto n'kufika yokha. Podikira ankazimitsa injini, ndipo inkalira bwinobwino. Nthawi yoweruka, misewu ikathithikana, ankaima pambali. Sizinali zophweka ayi. Phazi lozolowera linkamuyabwa. Makasitomala ena ankakalipa kuti, "Mayi, tikuchedwa!" n'kutsika kukakwera ya anzake. Madalaivala aja ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Iye anapita kwa amayi a bizinesi amene amakapikula katundu kutali, anthu omwe kale ankawakana, n'kuwapepesa. Mmodzi anamuyesa. Sabata yotsatira anabwera ndi anzake.

Mwezi utatha, alamu aja anatulukira ndi wogula, atavala jekete ngati akupita ku ukwati. Anapeza buti yadzaza matumba, amayi atatu akhala kale m'kati.

"Alamu, paja tinagwirizana..." anayamba motero bamboyo.

"Munati zikakhala chonchi. Zili chonchi?" Mayiyo analiza injini. "Galimoto ili pa ntchito. Mpando wakutsogolo ulipo. Ngati mukupita, kwerani, mulipira ngati ena onse."

Wogula uja anayang'ana alamuwo, n'kutembenuka kumapita.

Tsono inu amene mukuwerenganu, mwandikwana. Lero mwayamba kusoka, mawa mwasiya, mkuja mwayamba nkhuku, mwasiyanso, kenako mukuti anakulodzani. Ndani? Mphamvu zanu zikuthera pa kunyamuka ndi kuima. Sankhani msewu umodzi, phazi likhazikike. Mtima usagwe, ndipo makiyi anu musapatse munthu.