Tsiku limene bambo anakankha galimoto yanga

Galimoto ija ndinagula chifukwa cha mtima wa bambo anga. Ndimayambira pamenepa nthawi zonse ndikamafotokoza nkhaniyi, chifukwa ndi pokhapo pamene ndimaoneka ngati munthu.

Bambo anakulira kumpoto kwa Karonga, kwa Ankhonde enieni, koma anasamukira ku sikimu ya Wovwe ali mnyamata kukalima mpunga. Atakalamba mtima unayamba kuwavuta. Miyendo inkatupa, ndipo akayenda pang'ono ankapuma ngati athamanga. Adokotala anawalanda khasu, n'kuwalamula kuti mwezi uliwonse azionekera ku chipatala cha pa boma pa tsiku la odwala mtima. Ukaphonya tsikulo umadikira mwezi wina, mankhwala atakuthera. Mayi anali atatisiya kale, choncho udindo unali wanga. Ine ndinkagwira ntchito mu ofesi pa boma pomwepo, ndipo zinkandipweteka kuwaona akutsika minibasi atafinyidwa pakati pa matumba a mpunga ndi madengu a usipa.

Anzanga a ku ofesi, amene ambiri a iwo analibe ngakhale njinga, ndi amene anali akatswiri a galimoto. Ankati dizilo safa, amamwa pang'ono, amakoka ngati ng'ombe. Ndinawamvera. Kunapezeka bambo wina wa malonda a nsomba amene ankagulitsa yake yakale, yaikulu, ya magiya a pamanja. Nthawi zonse ankabwera nayo yekha masana, injini ili yotentha, ndipo ankangokhudza kiyi iyo n'kulira. Ndinayang'ana matayala, ndinagogoda zitseko, ndinasuzumira m'boneti ndi nkhope ya munthu wodziwa zinthu. Sindinaganize zopempha kuti igone pakhomo panga kuti ndione mmene imadzukira m'mawa.

Mkazi wanga, yemwe kwawo ndi ku Chilumba, anaizungulira kamodzi n'kunena mosakaniza ndi chinenero cha kwawo kuti, “Imwe, chigalimoto chikulu nthena n'chachi? Bwanji osagula kakang'ono ka petulo?”

Ndinamuyankha kuti za magalimoto azisiyira amuna. Anangoti “Yewo,” n'kubwerera ku ntchito zake.

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Sabata isanathe ndinadziwa kuti ndagula galimoto yodana ndi m'mawa. Ukatembenuza kiyi inkangokokoma, kukokoma, batire mpaka kufooka. Ikalira inkatulutsa utsi woyera wodzadza bwalo lonse, nkhuku n'kuthawa. Koma ikangolira basi, inkayenda tsiku lonse mosanyinyirika, ndipo pa msewu waukulu ndinkaiwala zonse n'kumaimba nyimbo za kutchalitchi.

Makaniko wanga anasintha fyuluta, anasintha mahita otenthetsa injini poliza, anatsuka thanki n'kupezamo madzi a dizilo wa m'zigubu amene mwini wake wakale ankathira. Pomaliza anapukuta manja n'kundiuza chilungamo. “Bwana, pole sana, koma vuto ndi pampu. Yatha. Usiku imalowetsa mphepo, dizilo n'kubwerera ku thanki. Muichotse ipite ku Mzuzu, kuno tilibe makina ake.” Ndinavomera kuti ipita mwezi wamawa. Mwezi wamawa utafika ndinavomeranso chimodzimodzi. Galimoto ikanakhala milungu ingapo pa miyala, ndipo ine ndinali nditazolowera kale kupatsidwa moni ndili pa windo.

M'malo mwake ndinapeza mankhwala otchipa: kukankha. Anzathu a kumapiri amangoimika galimoto yotere pa chitunda, m'mawa n'kumasula buleki. Kwathu kuno ndi chidikha, ndipo kamsewu ka kunyumba kwathu ndi mchenga wokhawokha. Choncho m'mawa uliwonse ndinkadikira amuna a pafupi, aphunzitsi a kuseri kwathu, kalipentala wa pakona, ndi aliyense wodutsa amene wachita tsoka lopatsana nane moni. Ankaseka kuti ndikuwalimbitsa matupi mwaulere. Ena anayamba kudzera njira ya kumunda akandiona ndatsegula boneti.

Dongosolo la bambo linali lotere. Madzulo a tsiku loti mawa ndi la chipatala ndinkapita ku Wovwe kukawatenga, n'kudzagona kwathu m'kachipinda ka panja, kuti m'mawa tilawirire pa mzere. Apa ndiyenera kufotokoza za mwambo wa kwathu. Kwa Ankhonde akale, mkazi wa mwana wako wamwamuna, mkamwana, sayang'anana nawe maso, sakhala nawe pafupi, sakukhudza. Mabanja ambiri anazisiya izi, koma bambo anazigwira, ndipo mkazi wanga anazilandira mosadandaula. Si udani ayi. Ndi ulemu umene anthu awiriwo ankapatsana, ndipo ankaunyadira. Bambo akafika, iye ankafunda chitenje kumutu n'kupereka moni atagwada kuseri kwa khoma. Chakudya ndinkanyamula ndine. Bambo akadya ankathokoza molunjika kukhomako kuti, “Ndagha, mama,” ndipo ndinkamva mkazi wanga akuseka chapansipansi ndi chimwemwe. Ankawaphikira phala lopanda mchere monga adokotala ananenera, ndipo masiku a chipatala ankawakumbukira kuposa ine.

Tsiku limene ndikunenali kunagwa maliro m'dera lathu. Amuna onse analawirira kumanda kukakumba, amayi anali kusiwa. Mkazi wanga anatsalira kuti aphikire bambo kaye. Mwezi umenewo miyendo ya bambo inali itatupa kwambiri moti nsapato sizinkalowa, ndipo mankhwala anali atatha dzulo lake.

Ndinawakhazika pa mpando wa kutsogolo n'kutembenuza kiyi. Inakokoma. Ndinapopa kapampu ka pamanja ka pa fyuluta monga makaniko anandionetsera, n'kuyesanso. Inakokomanso, mofooka, kenaka batire inangoti chete. Ndinayang'ana mu msewu, munalibe ngakhale galu.

M'thumba mwanga munali foni, ndipo mu foniyo munali manambala a anyamata a matakisi a pa depoti. Ndinaiganizira. Koma ndinaganiziranso takisi ikuima pakhomo pamene pali chigalimoto changa, ikudutsa pa nyumba ya maliro anthu onse akuona, ndipo ndinati m'mtima, ilira pompano. Ndinatsika, n'kuyamba kukankha ndekha, phewa pa chitseko, dzanja pa chiwongolero. Matayala anangogwedera mu mchenga n'kubwerera pomwe anali.

Ndili wefuwefu ndinamva galimoto yapepuka. Mkazi wanga anali atatuluka, chitenje chitaphimba mutu mpaka pamphumi, n'kugwira galimoto kumbuyo. Bambo anayang'ana kutsogolo, khosi gwa. Galimoto itayamba kuyenda ndinalumphira m'kati, kuponda kilachi, kulowetsa giya yachiwiri, n'kumasula. Inatsokomola kamodzi n'kuima nji. Dizilo si petulo. Amafuna liwiro lenileni, ndipo munthu mmodzi pa mchenga sangalipeze.

Tinayesanso, zinakanikanso. Ndinamva mkazi wanga akupuma movutikira kumbuyoko, ndipo bambo nawo anamva. Anatsegula chitseko pang'onopang'ono n'kutsika. Ndinaganiza kuti akufuna kupeputsa galimoto, akakhale pansi pa mtengo wa mango. Nditayang'ana pa kalirole ndinawaona atayenda chogwirira galimoto mpaka pa ngodya ina ya kumbuyo. Anaika manja onse awiri pa chitsulo, nkhope atatembenuzira kumpanda kuti asamuone mkamwana wawo. Iyenso anatembenuzira nkhope mbali inayo.

“Tata, musatero,” ndinatero.

“Iwe, gwira chiwongolero,” anayankha bambo. “Mwana wa eni afere pano ine nditakhala pa mpando?”

Ndinawaletsa kamodzi kokha, ndi mawu ofewa, phazi langa lili kale pa kilachi. Ichi ndi chimene chimandidya. Ndikanatha kutsika, kuwagwira dzanja, kutulutsa foni ija. Koma mtima wina unkandinong'oneza kuti anthu awiri akhoza kuikwanitsa. Choncho ine, mwamuna wa mphamvu zake, ndinakhala pa mpando wofewa, pamene mkazi wanga ndi nkhalamba imene adokotala anailetsa khasu ankandikankha.

Inayenda. Inafika polimba pamene mchenga umathera, inathamangako, ndinamasula kilachi, ndipo inabangula n'kulavula utsi wake uja. Ndikuvomera kuti ndinasangalala. Ndinapita nayo patsogolo ndithu ndikuponda moto kuti isazime, kenaka n'kuyamba kubwerera chammbuyo.

Utsi utapungula ndinawaona. Bambo anali atagwada mu mchenga, dzanja pa chifuwa, kukamwa yasa. Mkazi wanga anali atawakumbatira m'khwapa kuti asagwe chafufumimba, mutu wawo utatsamira pa phewa lake. Chitenje chija chinali pansi. Anandikalipira ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo: “Imwe, jurani chijaro! Mukuyang'ana chiyani?” Ndinatsegula chitseko cha kumbuyo, tinawanyamula tonse awiri, ndipo iye anakhala nawo komweko, atawagoneka pa miyendo yake, akuwapukuta thukuta ndi dzanja. Njira yonse ankangoti, “Pachoko pachoko, dada, pumani, tafika.” Bambo anali atatsinzina, koma misozi inkatsika.

Anawagoneka m'chipatala masiku angapo. Namwino wina anandifunsa chimene nkhalamba inkachita kuti ifike potere, ndipo ndinayankha kuti inadzilimbitsa pang'ono. Anandiyang'ana ndi diso lokayika n'kubwerera kwa odwala ake. Mulungu anatichitira chifundo, bambo anatuluka ali moyo, ngakhale mphamvu zawo sizinabwererenso monga kale.

Bambo ali chigonere ndinachotsetsa pampu ija n'kuitumiza ku Mzuzu. Sizinatenge nthawi imene ndinkaopa. Inabwera, makaniko anaibwezera, tinagula batire yatsopano, ndipo m'mawa wake galimoto inalira ndisanamalize n'kutembenuza kiyi komwe. Sindinasangalale. Ndinakhala m'menemo ndikumvetsera injini ikuyenda bwinobwino, manyazi atandigwira.

Tsiku la chipatala la mwezi wotsatira litayandikira, ndinapita ku Wovwe madzulo monga mwa masiku onse. Ndinawapeza bambo pa khonde akuyang'anira mpunga umene unayanikidwa pa mphasa. Ndinazimitsa galimoto dala pamaso pawo, n'kuiliza, n'kuizimitsanso, n'kuilizanso, ngati mwana woonetsa chidole.

“Yachira,” anatero. “Ndagha.”

“Tiyeni ndiye, Tata. Katundu wanu ali kuti?”

Anapukusa mutu. Anati adzadzuka m'mamawa, wa njinga adzawafikitsa pa msewu waukulu, adzakwera minibasi mpaka ku chipatala, n'kubwerera tsiku lomwelo. Ndinawakumbutsa za miyendo yawo, za mzere wa ku chipatala, za minibasi zimene zimaima paliponse. Ndinati ngati ndi choncho ndigona konkuno, tinyamuke limodzi m'mawa. Anakana. Ndinati azakhali anga anena kuti akuluakulu akhoza kukhala pansi n'kukonza zimene zinachitikazo, kuti iwo ndi mkamwana wawo azionana momasuka monga mabanja ena.

“Mayi uja, mkazi wako, anandisunga bwino zaka zonsezi,” anatero bambo. “Sanandilakwirepo ndi kamodzi komwe. Ine ndiye ndinakamugwera m'manja pa msewu, mutu wake uli pamtunda. Ndikalowa m'galimotomo ndiona mpando umene anandigonekapo. Ndikafika pakhomo pako ndiyang'ana kuti? Mundisiye, mwana wanga. Wolakwa ndine, sindinayenere kutsika.”

Akanandinyoza bwenzi zitandipepukira. Koma mlandu wanga anausenza iwo, ndipo ndinalephera kuwalanda. Kuyambira pamenepo amayenda pa minibasi. Miyezi ina amafika mochedwa, miyezi ina mvula ikavuta safika n'komwe, ndipo ndimakawapemphera mankhwala kwa adokotala n'kuwapititsira. Ndimakumana nawo pa benchi ya chipatala, galimoto yanga yabwinobwino itaima panja.

Madzulo a tsiku limene anakana lija ndinabwerera ndekha. Ndinapeza mkazi wanga atasesa kachipinda ka panja, atayala bedi, madzi osamba ali pamoto. Atamva galimoto anafunda chitenje n'kugwada kuseri kwa khoma kudikira kupereka moni. Anamva chitseko chimodzi chokha chikutsekedwa. Anadikirabe pang'ono, kenaka anasuzumira.

Ndinamufotokozera zonse zimene bambo ananena. Anavula chitenje chija kumutu, n'kuchipinda bwinobwino pa miyendo. Sanalire, ndipo sanakweze mawu.

“Imwe,” anatero, “mukanandiphunzitsa kuyendetsa, bwenzi tsiku lija wokankha muli inu.”