Kabotolo ka a Namagalasi

Mphekesera inayambira pakhonde la a Telala, pomwe zimayambira nkhani zonse za mumsewu uno. Ati a Namagalasi adula kanyama pakhosi pa amuna awo, akaika m'kabotolo, n'kupita nako kuntchito kwawo kukalembetsa kuti ndi ka galu. Iwe, ka galu! Bambo wa ana awiri, wandevu zake, kulowa m'kaundula mmodzi ndi tiagalu ta mabwana. Ndipo tisanamizane, nkhaniyo inkakoma kuikhulupirira. Aliyense woimva ankati "aaa, bodza limenelo," koma khutu ali chitcherere. Ngakhale ife a imvi tinkapukusa mitu pagulu, koma kumbali tinkati mwina, chifukwa mayi amene uja mutu wake umagwira, ndipo chifukwa chochitira zimenezo anali nacho.

A Namagalasi amagwira ntchito ku labotale ya chipatala cha ziweto, m'kachipinda ka kuseri konunkha mankhwala oti ukangolowa misozi imatuluka yokha. Analowamo ali mtsikana, ntchito yawo ili yotsuka mabotolo. Ankatsuka mabotolowo maso ali pa manja a anzawo, mpaka tsiku lina mwini mpando atadwala, iwo anakhalapo n'kuigwira ntchitoyo ngati anabadwa nayo. Setifiketi anachita kuitsata pambuyo, mwana ali kale kumsana. Pano akwanitsa zaka makumi awiri ndi zinayi m'kachipinda komweko.

Ntchito yake imayenda motere. Galu akatuluka chotupa, dokotala amadulako kachidutswa n'kukaponya m'kabotolo ka mankhwala kuti kasawole. Kakafika kwa mayiwa, amakaumitsa m'phula n'kumakasenga ndi makina mopyapyala kuposa khungu la anyezi. Akatero amayala pa kagalasi, ndipo n'kumene kunachokera dzina lawoli. Kenako amathira utoto, wina wofiira, wina wabuluu, wina woderako umene umangomata pa maselo okhawo amene ali pa liwiro logawikana. Maselo ati ndi tinjerwa tomangira thupi; ife a sukulu yolekezera panjira timangovomera. Dokotala wamkulu akabwera amasuzumira pa maikulosikopu n'kuwerenga. Ogawikana akakhala ochepa, mwini galu amauzidwa kuti mtima ukhale m'malo. Akachuluka ndiye kuti khansayo ndi yolusa, galu watsala ndi miyezi yowerengeka. Zonsezi masiku asanu basi. Masiku asanu! Galu amadziwa tsogolo lake sabata isanathe.

Utoto umenewu unawalowerera m'zala a Namagalasi moti sopo anagonja kalekale. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, a kuchimuna ankayesa kuti ndi fashoni.

Amuna awo ndi a Kopolo. Usilikali sanaulowepo ayi, dzinalo analitola ku kampani ya alonda kumene anagwira zaka makumi atatu akuyenda ndi agalu. Mwezi umene kampani inawapumitsa, inapumitsanso galu wawo womaliza, chigalu chakuda cha mutu ngati ndowa. Munthu anamupatsa wotchi ya pakhoma, galu anamukonzera jakisoni woti agone osadzukanso. A Kopolo wotchi ija anaisiya patebulo la bwana, iwo n'kutenga galu. Chibwerereni galuyo sanatulukepo kunja kwa mpanda. Timangomva mawu ake, ndipo amatikwana.

Chaka chino a Kopolo anatuluka chotupa pansi pa chibwano. Ku chipatala cha anthu anadulako kachidutswa bwinobwino, n'kuwauza kuti abwere pakatha milungu itatu. Anapita, akuti makina afa. Anapitanso, akuti makina adzuka koma utoto watha. Kachitatu, utoto wafika koma wowerenga alipo mmodzi yekha ndipo timagalasi tamuunjikira mpaka m'khosi. Miyezi inayi, anthu inu! Munthu kumangopapasa pakhosi m'mawa uliwonse osadziwa ngati agule nsapato zatsopano kapena asavutike. Ndiye taganizani mkazi amene m'mawa akusintha pulasitala pakhosi pa mwamuna wake, masana akusenga chotupa cha kagalu kobwera pa mpando wa kutsogolo m'galimoto katavala juzi. Ndani akanamudzudzula?

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, chigalu chija nachonso chinatuluka chake m'nthiti, chonga dzira la nkhuku. Kuchikweza basi sikukanatheka, chikanatsitsa basi yonse ndi kondakitala yemwe. Choncho a Namagalasi anapempha dokotala wina wachinyamata wa kuntchito kwawo kuti abwere kunyumba Loweruka masana. Anachigoneka ndi jakisoni patebulo la kukhitchini, n'kuchotsa chotupa chonse pamodzi ndi chikopa chake, n'kusoka. A Kopolo, amene anagwirapo akuba ndi manja awo, atangoona magazi a galu wawo anachita chizungulire. Akazi awo anawapukuta thukuta, n'kuwamata pulasitala wina chifukwa wakale anali atanyowa, n'kuwatulutsa panja kuti akapitidwe mphepo.

A Telala pakhonde pawo anaona zitatu: munthu wa chikwama cha udokotala akulowa, chitseko chikutsekedwa, kenako a Kopolo akutuluka akudzandira ndi pulasitala woyera mbee pakhosi. Lolemba m'mawa a Namagalasi anaima pakhonde pa a Telalawo kuti asiye siketi yofa zipi. Potulutsa siketi m'chikwama, kabotolo kanagwa n'kugubuduzika mpaka pansi pa makina osokera.

"Kanyama aka n'ka ndani, anzanga?" anafunsa a Telala, atakakweza kudzuwa.

"Ka galu. Bweretsani kuno, ndachedwa."

"Ooo, ka galu eti? Chabwino. A Kopolo adzuka bwanji?"

Mtsikana wa pa desiki ya alendo ku chipatala cha ziweto amasoketsa mayunifolomu ake pakhonde lomwelo. Pofika Lachitatu nkhani inali italowa mu ofesi ya a Manijala, itavala kale tayi.

A Manijala ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana woyamba wa a Namagalasi, wophunzira za bizinesi, woopa ngakhale mphaka. Anawaitanitsa mayiwo, osawapatsa mpando.

"Mayi, galu ameneyu m'kaundula wathu mulibe. Sanapondepo pano."

"Akanaponda pano, bwana, inu mukanakhala pamwamba pa kabati."

"Musaseke. Fomu iyi wasaina ndani? Sizikuwerengeka."

"Ndi dokotala wanu yemwe. Dzanja lake ndi lomwelo, muimbireni."

"Ali pa tchuthi, foni sakuyankha. Ndipo ngati munapangana, adzanena chiyani china? Mukudziwa kuti nyama ya munthu ikapezeka muno atilanda chiphaso, tonse tikhala pakhomo? Ndipatseni makiyi. Kagalasi kanu ndakatsekera m'dirowa. Lachisanu dokotala wamkulu akubwera, tidzakambirana za kalata yokuchotsani ntchito."

A Namagalasi anayang'ana makiyi aja. Anali atawanyamula kuyambira mnyamatayo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Chimene chinawawawa kwambiri sikuchotsedwa ntchito, koma kuti pa timagalasi zikwi ndi zikwi timene tinadutsa m'manja mwawo, palibe ndi kamodzi komwe kamene kanasokonekerapo dzina, ndipo lero mawu a munthu wosoka zipi alemera kuposa awo. Anaika makiyi patebulo pang'onopang'ono.

"Kagalasiko musakaike padzuwa," anatero, n'kutuluka.

Kunyumba anafika dzuwa likadali pamutu. A Kopolo anali pakhonde la kuseri akupaka mankhwala pa bala la galu, galuyo atavekedwa ndowa yodula pansi kuti asanyambite ulusi. Atamva zonse anaseka mpaka kugwira pakhosi.

"Ndiye mayi, bwanji simunachitedi? Bwenzi pano ndikudziwa. Mukanangondiuza, ine kuuwa ndimatha. Zaka makumi atatu ndikumvera aphunzitsi abwino."

"Bambo, musandiputenso inu. Ntchito ikundithera apa."

"Ndikufunsa zenizeni."

Mayiwo anakhala pa sitepe n'kuvula nsapato. Anayang'ana zala zawo zabuluu.

"Mukuyesa sindinaganizepo? Tsiku lililonse. Ndikamasenga za eni ake, ndimaona khosi lanu. Koma pepala lolembedwa galu mungapite nalo kwa dokotala uti? Angakupatseni mankhwala ndani? Mukanangodziwa, n'kukhala nazo pakhonde pano ngati mmene mwakhaliramu. Ndiye ine ndinadziletsa, ndinaluma mano miyezi inayi, lero akundichotsa chifukwa cha chinthu chimene ndinadziletsacho!"

A Kopolo kuseka kunawathera. Anasisita galu pamsana.

"Ndipite naye ku ofesiko Lachisanu, aone okha bala."

"Kuti akadye a Manijala, mlandu ukhale wa maliro? Khalani pansi. Kagalasi kadzayankhula kokha."

Lachinayi lonse anakhala pakhomo, koyamba pa zaka zonsezo tsiku la ntchito. Anachapa makatani oyera kale. Atapita kukagula sopo, azimayi a pa golosale anasiya nkhani pakati, wina n'kufunsa mokoma ngati a Kopolo ayamba kudya bwino. Mwamuna wina wa pa malo ometera anachita kuuwa iwo akudutsa. Munthu wamkulu ndithu, wa ana ake! A Namagalasi sanatembenuke, koma sopo anafika naye kunyumba atabooka ndi zikhadabo.

Lachisanu anavala yunifolomu yawo yosita ngati palibe chachitika. Dokotala wamkulu ndi gogo wamkazi wamfupi, wosamva bwino khutu limodzi, amene amabwera kawiri pa sabata ndipo sakonda misonkhano. A Manijala anayamba kufotokoza ndi mawu aatali a malamulo, kalata ili kale m'manja.

"Bwana, pepani," anawadula a Namagalasi. "Kalatayo mundipatsa, sindikukana. Koma poyamba tulutsani kagalasi, muone nokha."

Analowa onse atatu m'kachipinda ka kuseri. A Manijala misozi inayamba kutsika ndi fungo lija. Mayiwo anaika kagalasi pa maikulosikopu, n'kupotokola kachitsulo mpaka zinaoneka bwino.

"Suzumirani."

A Manijala anasuzumira ndi diso limodzi, kenako linalo.

"Ndikuona... zofiira. Ndi madontho."

"Ndi munthu kapena galu?"

"Mayi, ine si mbali yanga imeneyo."

"Nanga makiyi anga inali mbali yanu?"

Dokotala wamkulu anawakankha pang'ono a Manijala ndi chigongono n'kukhala pampando. Anayendetsa kagalasi uku ndi uku. Kenako anafunsa, maso akadali pa makina:

"Mwati uyu ndi mwamuna wa mayiwa?"

"Ndi zimene zikumveka, dokotala."

"Ndiye mayi, mwamuna wanuyo muzimupesa ndi bulashi ya waya. Taona apa, mwana wanga. Chikopa ichi ubweya wake ukutuluka mtolo wonse pa bowo limodzi, waukulu pakati, ting'onoting'ono m'mbali, ndipo ndi choncho paliponse. Khosi la munthu silimera chonchi. Wophunzira wa chaka choyamba akanakuuza. Mwandiitanira zimenezi?"

A Manijala anapinda kalata ija kawiri, kenako kanayi.

"Poti ndakhala kale, ndiwerengeretu," anatero gogoyo. Anasuntha kagalasi malo khumi, milomo ikugwedera. A Namagalasi anaima kumbuyo kwawo atagwira mpando, ndipo apa mpamene anaopa kwenikweni, chifukwa a Kopolo akanatha kupirira zambiri koma osati kuika galu uja m'dzenje. "Ogawikana awiri okha pa malo khumi. Utoto woderawu wagwira apa ndi apo. M'mphepete monse mwayera, anachotsa chonse. Ndi khansa inde, koma yaulesi. Galu ameneyu adzafa ndi ukalamba, kapena ndi mkwiyo. Wasenga ndani kagalasi aka?"

"Ndine."

"Ndinadziwa. Palibe khwinya ngakhale limodzi."

Makiyi anabwera ndi mtsikana wa pa desiki, ali mu envelopu, mtsikanayo maso ali pansi. A Manijala eni ake anali atatanganidwa mwadzidzidzi ndi foni. Pepani sanatuluke pakamwa pa munthu aliyense, ngakhale wa theka. A Namagalasi anatsegula kabati, n'kupeza mabotolo asanu ndi anayi atawadikira kuyambira Lachitatu, agalu a eni ake asanu ndi anayi ochedwetsedwa chifukwa cha nkhani ya pakhonde. Anavala magolovesi n'kuyamba ndi lakale kwambiri.

Lolemba lotsatira anapempha theka la tsiku n'kuperekeza a Kopolo ku chipatala cha anthu. Anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana. Pawindo anawauza kuti ayesenso mwezi wamawa.

Siketi ija ikadali kwa a Telala, ndipo mwini wake akuti ikhale komweko. A Telala masiku ano akumauza makasitomala kuti iwo sananenepo kanthu, anangofunsa. Ife amene tinkati mwina, tikumadutsa pa geti la a Kopolo mofulumirako, galu akutiuwa ndi mphamvu zake zonse.

A Namagalasi sanadule amuna awo, ndipo sanalembetse munthu m'kaundula wa ziweto. Kanyama ka m'kabotolo kaja kanali ka galu.