Bwato la Makungwa la pa Chisi

Izi sindinachite kumva kwa munthu, zinandichitikira ine ndemwe, ndipo mboni ndi alamu anga, achimwene a akazi anga, amene mpaka lero nkhaniyi ikayambika amayang'ana kumbali.

Chaka chimenecho akuluakulu a pa chilumba cha Chisi, pa nyanja ya Chilwa, anamanganso linga ngati lomwe makolo ankabisalamo pothawa ogwira akapolo, ati alendo a boma adzaone. Titakolola mpunga kwathu kwa Mwambo, ine ndi alamuwo, omwe ndi aphunzitsi, tinaonetsa makadi a chipani padoko n'kukwera bwato. Kunali kosangalatsa, ndisaname: mpanda wa mitengo yosongoka, tinyumba tolowa chokwawa, mikondo, ndipo m'mphepete mwa madzi anaikapo bwato la makungwa losokedwa ndi luzi.

Mkulu woyang'anira malowo anatiuza kuti bwatolo n'longoonera, silinapangidwire madzi. Koma alamu, mwa chizolowezi chawo, anayamba kuseka kuti anyamata a masiku ano sukulu inawakanika, nanga za makolo angazithe? Ankanena ndani, poti wolekera Sitandade 4 pamenepo ndinali ine ndekha? Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinalikokera m'madzi bwatolo, n'kutola nsungwi yokankhira, mkulu uja akukuwa m'mbuyo.

Linayenda bwino ndithu mpaka kupitirira mabango, kenako luzi linayamba kuduka, madzi n'kumalowa. Sindinaope, poti ndani sadziwa kuti Chilwa n'chosazama? Ndinangotsika kuti ndibwerere wapansi. Madzi analekeza m'chiuno, koma thope linandigwira, ndikati ndizule mwendo uwu, winawo ukulowa. Madzi anafika pachifuwa, kenako m'khosi, ndikuwaona alamu kumtunda akuthamangathamanga manja ali kumutu. Madziwo atafika pachibwano ndinasiya kuphiriphitha n'kuyamba kupemphera. Pamenepo phazi langa linagunda chinthu cholimba, chosalala, chachitali, ndipo ndinaima pomwepo nkhope nditalozetsa kumwamba mpaka asodzi awiri anadzandizula ngati chinangwa.

Mkulu uja sanandikalipire. Anandifunsa malo enieni amene ndinaima, ndipo nditamulozera anavula chipewa.

"Mwaponda bwato la eni ake, bambo. Pamenepo ndi pamene makolo ankamiza mabwato awo kuti adani asawapeze."

Alamu amati chinali chitsa chabe, koma chitsa pakati pa nyanja chinachokera kuti? Ine ndimakhulupirira kuti anthu amene anamiza bwatolo anaona chitsiru chikufera mawu a mlamu wake, n'kuchimvera chisoni. Ndikukhala bwino, mpunga ukubereka, ndipo alamuwo timadyera m'mbale imodzi.

Koma inu mukapita kukaona zimene anamanganso, mkulu akati izi n'zongoonera, manja muwaike m'thumba, ngakhale wina akunyozeni bwanji. Thope la Chilwa ndi lalikulu, ndipo si paliponse pamene makolo anasiyapo bwato.